Ndikufuna switch ya PoE yotsika mtengo ya makamera a pakhomo kuno ku Ngabu

Mlimi wa ku Ngabu analemba kuti:

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za makamera a chitetezo. Ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo pakhomo panga pali nyumba, kagolosale kamene kanayang'ana kumsewu, komanso khola la mbuzi ndi ng'ombe kuseri. Kuba ziweto usiku kwanyanya m'dera lathu, choncho ndinagula makamera anayi a Hikvision, aja olumikiza ndi waya wa netiweki, pamodzi ndi NVR yosungira zithunzi. Ndikadzagulitsa thonje ndikufuna kudzawonjezera ena awiri.

NVR imeneyi ili ndi poti imodzi yokha ya netiweki, kutanthauza kabowo kolowetsamo waya, ndipo siipatsa makamera magetsi. Anandiuza kuti ndikufunika kabokosi ka mapoti ambiri kotchedwa switch ya PoE, imene imatumiza magetsi ndi kulandira zithunzi pa waya mmodzi yemweyo, kuti ndisavutike kukokera waya wa magetsi pa kamera iliyonse. Nditafunsa mitengo ku Blantyre ndi ku Limbe ndinapeza kuti ma switch ooneka ofanana, onse a mapoti 8, amasiyana mtengo kwambiri, ndipo otsikitsitsawo ena alibe ndi dzina lomwe la kampani pa bokosi.

Kodi kusiyana kwake kuli pati, ndipo ndingagule iti yosaboola m'thumba koma yoti indikhalitse? Dziwaninso kuti khola lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 120 kuchokera pamene ndikufuna kuika NVR, nyumba ndi ya malata yopanda siling'i, ndipo magetsi akazima timadalira batire limodzi la mavolti 12, la 100Ah, lochajidwa ndi sola. Ndithokoza thandizo lililonse.

Mmisiri wa ku Nchalo anayankha kuti:

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, chifukwa chiwerengero cha mapoti chimene chimalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa bokosi ndicho chimasocheretsa anthu ambiri. Ntchito yanga ndi yoika makamera m'mashopu ndi m'nyumba kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula, ndipo ndikufotokozerani zimene ndimayang'ana ndisanafunse n'komwe mtengo.

Choyamba, werengani kuti mwa mapotiwo ndi angati amene amatulutsa magetsi. TP-Link TL-SG1008P ili ndi mapoti 8, koma anayi okha ndiwo a PoE, enawo ndi a netiweki wamba. Switch imeneyo ndi yabwino ndithu, ndipo makamera anu anayi a lero angakwane, koma tsiku limene mudzabwere ndi awiri enawo mudzasowa powalowetsa. Kumbukiraninso kuti NVR idya poti yake, ndipo ngati mukufuna kumaona zithunzi pa foni muli ku msika wa ng'ombe, rauta yolumikizira ku intaneti nayo idya ina. Makamera 6, NVR ndi rauta ndi mapoti 8 kale. N'chifukwa chake kwa inu ndingaloze mtundu ngati TL-SF1009P, umene uli ndi mapoti 9, ndipo 8 mwa amenewo ndi a PoE. Hikvision ndi Dahua nawonso amapanga ma switch a mtundu womwewu opangidwira makamera.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse, ndi mphamvu yonse imene switch ingathe kugawa nthawi imodzi. Pa bokosi amalemba kuti poti iliyonse ingapereke mawati 30, ndipo munthu amaganiza kuti mapoti 8 ndiye kuti mawati 240. Ayi ndithu. Mphamvu ya switch ili ngati ndowa imodzi ya madzi imene onse akutungamo: aliyense ali ndi chikho chachikulu, koma madzi ndi omwewo. TL-SF1009P ija ili ndi mawati 65 onse pamodzi. Kamera wamba yosazungulira imadya mawati ochepa masana, koma kukada imayatsa timagetsi take toonera mumdima ndipo imakoka zambiri, kawirikawiri pakati pa mawati 5 ndi 9 malinga ndi mtundu wake. Tengani pepala limene linabwera ndi makamera anu, muone nambala yapamwamba imene alembapo, muichulukitse ndi 6, kenaka muwonjezere gawo limodzi mwa magawo anayi kuti switch isamagwire ntchito ili pa malire. Ngati kamera iliyonse imafika mawati 7, makamera 6 ndi mawati 42, ndipo tikawonjezera gawo lija tikufika pa 53, kutanthauza kuti switch ya mawati 65 ikukwanirani. Mukagula yochepera, masana zonse zidzaoneka bwino, koma dzuwa likangolowa switch idzayamba kudula kamera imodzi kapena ziwiri kuti idziteteze, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene mukuwafunira makamerawo. Ndaitanidwapo kangapo ndi anthu odandaula kuti kamera yawo ndi yakufa chifukwa imazima usiku uliwonse, pamene kamerayo ilibe vuto lililonse.

Chachitatu chikukhudza ma switch opanda dzina amene mwawatchulawo. Yang'anani ngati pa bokosi kapena pansi pa switch palembedwa IEEE 802.3af kapena 802.3at. Muyezo wa 802.3af unakhazikitsidwa mu 2003 ndipo umalola mawati 15.4 pa poti, amene akafika ku kamera amakhala 12.95 chifukwa ena amatayika m'waya. Wa 802.3at unabwera mu 2009 ndipo umafika mawati 30 pa poti, 25.5 ku kamera. Umenewu umafunika makamaka pa makamera ozungulira aja. Ubwino wa switch yotsata miyezo imeneyi ndi wakuti siingotulutsa magetsi chisawawa. Imayamba yayesa ndi mavolti ochepa kwambiri kuti ione ngati chimene chalumikizidwacho chimalandira PoE, ndipo ikatsimikiza m'pamene imatumiza mavolti a pakati pa 44 ndi 57. Mukalowetsamo laputopu kapena rauta, palibe chimene chipse. Ma switch ena otsika mtengo kwambiri amangothira magetsi m'waya osayesa, ena mavolti 24, ena 48. A mavolti 24 sangayatse makamera anu, ndipo a 48 osayesawo akhoza kuwotcha poti ya NVR mwana akasinthanitsa mawaya. Wogulitsa akalephera kukuonetsani pamene palembedwa muyezowu, isiyeni ngakhale atakuchotserani mtengo.

Pamene mungapulumutse ndalama popanda mantha ndi pa liwiro. Musalipire zambiri chifukwa cha mawu akuti gigabit, kutanthauza liwiro la mamegabiti 1,000 pa sekondi. Kamera ya 2MP kapena 4MP (MP ndi muyezo wa kukula kwa chithunzi) imatumiza mamegabiti apakati pa 2 ndi 6 pa sekondi, choncho makamera 6 onse pamodzi sangadzaze poti ya mamegabiti 100. Musagulenso switch yofuna kuikonza pa kompyuta. Pakhomo imafunika yongolumikiza basi.

Mayi a ku Nsanje anayankha kuti:

Achimwene a ku Ngabu, zimene afotokoza a mmisiriwa ndi zoona, koma pali chinthu chimene ife a kuno kuchigwa tiyenera kuchiika patsogolo, chimene munthu wogulitsa ali pa mphepo ya ku Blantyre sangachiganizire. Chinthucho ndi kutentha.

Ndili ndi malo ogona alendo pa boma pano, ndipo switch yanga yoyamba inali pa khoma, pamwamba, pafupi ndi malata, chifukwa woikayo ankafuna kuti mawaya asaoneke komanso kuti ana asaifikire. Miyezi ya June ndi July inkagwira ntchito bwinobwino. Itafika October, masana aliwonse dzuwa likapendeka makamera onse ankazima n'kuyakanso okha, ndipo adaputa yake inkatentha moti sungaigwire ndi dzanja. Mwana wanga atawerenga kabuku kake anapeza kuti inapangidwa kuti izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Ma switch ambiri ang'onoang'ono a pa tebulo amalembedwa chimodzimodzi, ngakhale a makampani odziwika. Inu mukudziwa bwino kuti ku Ngabu mu October ndi November kutentha kwa panja penipeni kumapitirira madigiri 40, nanga kuli bwanji pansi pa malata m'nyumba yopanda siling'i? Pamenepo switch imakhala itapyola kale malire ake isanayambe n'komwe kutulutsa kutentha kwake kwa iyo yokha.

Sindikunena kuti mugule zodula za m'mafakitale. Alipo ma switch a makamera amene amalembedwa kuti amapirira mpaka madigiri 55, ndipo ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, tengani imeneyo. Koma ngakhale ya madigiri 40 ikhoza kukhalitsa mukaisankhira malo. Ikeni m'chipinda chozizirirapo cha m'nyumbamo, kutali ndi khoma limene limawombedwa ndi dzuwa la masana, ndiponso kutali ndi denga. Musaitsekere m'kabati, musaisanjike pamwamba pa NVR, ndipo adaputa yake ikhale payokha pamene mpweya ukudutsa. Sankhani yokutidwa ndi chitsulo osati pulasitiki, chifukwa chitsulo chimatulutsa kutentha msanga. Ine ndimakondanso yopanda fani m'kati, popeza fumbi la kuno la m'chilimwe limatseka kafaniko pakangopita miyezi yochepa, ndipo kakaima switch imapsa mwakachetechete.

Nkhani ya mawati imene anena a mmisiri ikulowanso pomwepa. Switch imene ikukoka pafupifupi mphamvu yake yonse imatentha kwambiri kuposa imene ikugwiritsa ntchito theka, choncho kwa ife kugula ya mawati ochulukirapo pang'ono ndi njira inanso yoiziziritsira.

Komabe musatsike nayo mpaka pansi. Amene tinaona madzi a namondwe wa Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023 tinaphunzira kuti chilichonse cha magetsi chizikhala pa shelefu yofika m'chifuwa. Pamenepo ndi patali ndi malata, ndi patalinso ndi madzi akalowa m'nyumba.

Wa ku Bangula anayankha kuti:

Akuluakulu, ine ndikuona kuti tikukambirana kwambiri za switch pamene chimene chidzawavutitse bambowa ndi waya wa ku khola. Muyezo wa waya wa netiweki umathera pa mamita 100, ndipo iwo anena 120. Komanso mamita 120 amenewo mwina ayeza molunjika, pamene waya amakwera khoma, amazungulira nyumba, n'kukweranso mtengo umene pali kamera, moti akhoza kufika 140.

Njira yotsika mtengo ndi kugula switch imene ili ndi kabatani kolembedwa Extend. Mukakatsegula, liwiro la mapoti amenewo limatsika kufika pa mamegabiti 10, ndipo waya amatha kufika mamita 250 malinga ndi opanga ake. Kamera imodzi imakwana bwino m'mamegabiti 10. TL-SF1009P imene yatchulidwa ija ili nako kabatani kameneka, ndipo ma switch ambiri a Hikvision ndi Dahua ali nakonso.

Koma zimenezi zimatheka pokhapokha waya ali wa mkuwa weniweni. M'misika mwadzaza mabokosi a waya wa mamita 305 olembedwa Cat6 amene m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba, ndipo ena amalemba CCA pa bokosi, ena salemba. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 10 a mmene mkuwa umadutsitsira, ndiye pa mtunda wautali magetsi amafika ku kamera atafooka, ndipo usiku kamera ikafuna zambiri imazima. Amathyokanso msanga pa mutu pamene mwamanga. Muli m'sitolo momwemo pemphani kachidutswa, musende kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni. Mukaona choyera pansi pa kufiirako, ameneyo si mkuwa. Waya wa mtundu wotsikirapo wa Cat5e wa mkuwa weniweni amaposa Cat6 wa aluminiyamu, ndipo ine ndingalole kugula switch yotsikirapo kuti ndalama yotsalayo ipite ku waya.

Wayayo musamuyendetse m'mwamba pa mitengo kapena pa mpanda wa waya. Mvula yoyamba ya kuno imabwera ndi ziphaliwali, ndipo mphenzi siichita kufunika kugwa pa waya penipeni. Ikagwa pafupi, waya wautali amatola mphamvuyo n'kuifikitsa m'nyumba, ndipo imatha kupha switch, NVR ndi makamera nthawi imodzi. Kumbani ngalande, mulowetse waya wa panja m'paipi ya pulasitiki yomata bwino polumikizira kuti chiswe, makoswe ndi madzi zisalowe, ndipo pamene akulowera m'nyumba muikepo kachipangizo koteteza waya wa netiweki ku mphenzi, kolumikizidwa ku ndodo ya mkuwa yokhomedwa pansi. Popanda ndodoyo kachipangizoko n'kopanda ntchito. Ngalandeyo ikhale yakuya ndithu pamene ng'ombe zimadutsa potuluka m'khola.

Mlimi wa ku Ngabu analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndayang'ana pepala la makamera anga ndipo palembedwa 802.3af, mphamvu yapamwamba mawati 7, ndiye masamu a a mmisiri akugwirizana ndi zanga. Mayi a ku Nsanje, malo amene ndinakonza anali pamwamba pa khoma la m'golosale, pansi pa malata penipeni, ndipo tsopano ndasankha chipinda cha pakati. Chimene chatsala ndi batire. Kodi la 100Ah limene ndili naloli lingasunge makamera usiku wonse magetsi atazima, kapena ndiyambe kusunga ndalama ya lina?

Mmisiri wa ku Nchalo anayankhanso kuti:

Bambo, yankho lalifupi ndi lakuti batire limodzilo silifika m'mawa, ndipo ndi bwino muone masamu ake nokha kuti wina asakunamizeni.

Batire la mavolti 12 la 100Ah limasunga 1,200Wh likadzaza (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Ngati ndi la mtovu, kaya lothira madzi kaya la gel, simuyenera kulikama kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, choncho zimene mungagwiritse ntchito ndi 600Wh. Usiku makamera anayi pa mawati 7 ndi mawati 28. Switch payokha tiiwerengere mawati 5, ndipo NVR yokhala ndi hard disk imodzi tiiwerengere 15. Zonse pamodzi ndi mawati 48. Inveta nayo imadya gawo lake posandutsa mavolti 12 kukhala 230, ndiye ku batire kukuchoka mawati pafupifupi 56. Mukagawa 600 ndi 56 mupeza maola osafika 11, ndipo pamenepo simunayatse babu ngakhale limodzi kapena kuchaja foni. Mukadzafika pa makamera 6 maolawo adzatsika kufika pa 8. Magetsi akazima dzuwa likulowa, makamera 6 amenewo adzathima cha m'ma 2 koloko usiku, nthawi imene akuba ziweto amayenda.

Musaiwalenso kuti magetsi akhoza kusowa masiku ambiri motsatizana. Namondwe wa Ana atawononga damu lopangira magetsi la Kapichira kuno ku Chikwawa komwe, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa nyengo yotere batire liyenera kudzazidwa ndi sola yokha, ndipo makamera ndi NVR amadya pafupifupi 1,000Wh pa tsiku popeza amagwira ntchito usana ndi usiku. Panelo ya mawati 100 imapereka mwina 400Wh pa tsiku la dzuwa labwino, choncho mukufunika mapanelo okwana mawati 300 kuti makamera okha adzidalire, ndipo m'miyezi ya mitambo n'kofunika ochulukirapo.

Pali njira zochepetsera katunduyu musanagule batire lina. Chotsani sikirini pa batire usiku, chifukwa NVR imajambula ngakhale palibe amene akuonera. Makamera akhale ndi batire lawolawo, losagawana ndi wailesi ya kanema kapena fani ya m'nyumba. Alipo ma switch a PoE amene amalandira mavolti 12 kapena 24 kuchokera ku batire mwachindunji n'kuwakweza okha kufika pa 48, ndipo amenewo amachotsa inveta pakati pamodzi ndi zimene imataya. Amakwera mtengo pang'ono ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse, koma ofunsa kwa ogulitsa zipangizo za sola amawapeza. Mukatsata njira imeneyi, NVR musailumikize ku batire mwachindunji ngakhale adaputa yake italembedwa mavolti 12, chifukwa batire likamachajidwa limakwera kupitirira mavolti 14. Pakati pake pakhale kachipangizo kosunga mavolti pa 12.

Pa batire lenilenilo, zimene anena mayi a ku Nsanje zikugwiranso ntchito. Batire la mtovu limayezedwa pa madigiri 25, ndipo moyo wake umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, n'chifukwa chake mabatire kuno satha zaka zimene amatha ku Thyolo kapena ku Dedza. Liikeni m'chipinda chozizirirapo chomwecho, pamalo podutsa mpweya. Ngati thumba lingalole pa nthawi ya thonje, batire la lithiamu la mtundu wa LiFePO4 la 100Ah limalola kugwiritsa ntchito magawo 8 kapena 9 pa 10 a mphamvu yake, kutanthauza pafupifupi 1,000Wh, ndipo limeneli lokha lingafikitse makamera 6 m'mawa. Musaliphatikize pa waya mmodzi ndi la mtovu lija, ndipo muonetsetse kuti kontrola ya sola yanu ili ndi malo osankhira lithiamu.

Za mitengo, funsani mwatsopano sabata imene mukukagula, chifukwa zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimatsatira dola. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene munthu anamva miyezi ingapo yapitayo sukhala wodalirika. Pokwera Thabwa kupita ku Blantyre tengani kamera imodzi ndi kachidutswa ka waya, muwapemphe m'sitolomo ailumikize ku switch imene mukufunayo, muphimbe kamerayo ndi dzanja kuti timagetsi ta usiku tiyake, ndipo muone ngati ikhalabe yoyaka. Risiti ilembedwe nambala ya switch yeniyeniyo ndi miyezi ya chitsimikizo, chifukwa kubweza katundu kuchokera ku Ngabu kumadya ndalama ya thiransipoti yopita ndi yobwera.